Anakonza mzere wa katemera uja ndani?

Nabanda, Zomba:
Moni nonse. Dzulo ndikukonza m'kabati ndinapeza khadi langa la katemera wa Covid-19, ndipo chipezereni mtima sunakhale m'malo. Jakisoni woyamba ndinabayitsa kumapeto kwa March 2021. Anatiuza kuti tibwerenso pakatha masabata 12. Ndinapitadi mu June, ndinangopeza anthu akubwezedwa pakhomo, akuti katemera watha dziko lonse. Wachiwiri ndinadzabayitsa mu August. Ine ndagwira unamwino zaka zoposa 30, ndabaya ana osawerengeka katemera wa chikuku ndi wa kafumbata, koma tsiku limene lija ndinabwerera kunyumba ngati mwana wosowa kolowera. Ndiye ndikufunsa inu amene mukudziwa: amene anakonza mzere wa maiko uja anali ndani? Anaona chiyani kuti dziko ili likhale kutsogolo, ili kumbuyo? Ndikufunsa chifukwa mliri wina udzabwera ndithu, ndipo adzukulu anga adzaima pamzere womwewo.

Jere, Leeds:
Amayi Nabanda, mwandikumbutsa zowawa. Kuno ku Britain anayamba kubaya pa 8 December 2020, woyamba anali gogo wa zaka 90, Margaret Keenan, ku Coventry. Ine ndimasamalira okalamba, ndiye ndinali m'gulu loyambirira, ndinabayitsa mu January 2021. Ndi mwezi womwewo kumudzi kunamwalira nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, pa 12 January. Ndinatuluka m'chipinda chobayira muja dzanja lili dzanzi, foni ili ngwee ndi mauthenga a maliro. Mayi anga ku Ntcheu ali ndi shuga ndi BP, ali ndi zaka zoposa 70. Ine wa zaka 41, wopanda matenda, ndinatetezedwa miyezi yambiri iwo asanaone ndi botolo lomwe. Ndikanatha kuwatumizira jakisoni wanga monga ndimatumizira ndalama, ndikanatero tsiku lomwelo.

Phiri, Lilongwe:
Amayi, ndiyeseko kuyankha, poti ntchito yanga ndi yosunga ndi kutumiza mankhwala ndipo nkhaniyi ndinaitsatira bwino.

Mizere inalipo iwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Woyamba unali wa COVAX, dongosolo limene linakhazikitsidwa mu 2020 ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi mabungwe oona za katemera a Gavi ndi CEPI, a UNICEF ndiwo ankanyamula ndi kufikitsa katunduyo. Ganizo lake linali ngati banki m'khonde: maiko onse, olemera ndi osauka, aike ndalama m'thumba limodzi, agule katemera pamodzi, kenako agawane. Maiko 92 osapeza bwino, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, ankayenera kulipiriridwa ndi ndalama za opereka thandizo. Kagawidwe kake kanali potengera chiwerengero cha anthu. Poyamba dziko lililonse lilandire wokwanira anthu 3 mwa 100 alionse, kuti abaye ogwira ntchito zachipatala, kenako aziwonjezera mofanana mpaka anthu 20 mwa 100 alionse. Ankafuna kuti pofika kumapeto kwa 2021 akhale atagawa madozi 2 biliyoni.

Mzere wachiwiri sunalembedwe pakhoma lililonse. Unali wa amene wafika pafakitale ndi ndalama m'manja. America, Britain, European Union, Canada, Japan, onsewa anapita paokha kumakampani mu 2020, katemera asanadziwike n'komwe ngati agwira ntchito, n'kulipiriratu. Pofika December 2020, mabungwe omenyera kuti katemera afikire onse anawerengera kuti maiko olemera, okhala ndi anthu 14 okha mwa 100 alionse padziko, anali atagula kale madozi 53 mwa 100 alionse a katemera amene ankaoneka odalirika. COVAX itatolera ndalama zake n'kufika pafakitale, inapeza katundu wa miyezi yoyambirira ali ndi eni ake kale. Ndiye yankho la funso lanu, amayi, ndi lakuti mzere umene unagwiradi ntchito sanaukonze a WHO. Unakonzedwa ndi makontirakiti.

Aphunzitsi Chisale, Dedza:
A Phiri mwafotokoza bwino, koma ndiloleni ndiime mbali ina pang'ono, mwina mundikwiyira. Ndi kholo liti limene m'chaka cha njala limayamba kudyetsa ana a m'mudzi wina ake ali ndi njala? Boma limasankhidwa ndi anthu ake ndipo limayankha kwa iwo. Mu January 2021 ku Britain kunkafa anthu oposa 1,000 patsiku, Jere atichitira umboni. Komanso ndalama zimene analipiriratu zija ndi zimene zinathandiza kuti katemera apangidwe msanga chonchi. America inathira mabiliyoni a madola m'makampani, ena mwa iwo katemera wawo sanaphule kanthu, ndalamazo zinapita. Anaika chuma chawo pachiswe. Ife tinaikapo chiyani? Ndikufunsa ndi mtima wowawa, osati wonyoza dziko langa.

Nabanda, Zomba:
Aphunzitsi, kudyetsa ana ako poyamba sindikutsutsa, nanenso ndine kholo. Koma pali kudyetsa ana, pali kudzaza nkhokwe zisanu pakhomo pa anthu a nkhokwe imodzi, kwinaku oyandikana nawo akuika maliro. Canada inasungitsa katemera wokwanira kubaya munthu aliyense wa m'dzikomo kangapo konse, ena ankati kasanu. Pamwamba pa izo inakatenganso gawo lake ku COVAX, thumba lomwe lija limene ife tinkadalira.

Jere, Leeds:
Zoona aphunzitsi, January uja kunali koopsa kuno, kuntchito kwathu tinataya okalamba ambiri. Pa nthawi imeneyo sindikanauza munthu kuti apereke katemera wake kwina. Koma tamvani izi. Pofika pakati pa June 2021, kuno anatsegulira aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo. Mwana wanga wa zaka 19, wathanzi, wosewera mpira, anakabayitsa. Ndi June yemweyo amene amayi Nabanda akunena kuti anabwezedwa pakhomo la chipatala. Namwino wopuma wa zaka zoposa 60 abwezedwe, mnyamata wa mpira abayidwe, mwezi umodzi. Apa sitinganenenso kuti kunali kupulumutsa ana ako ku imfa.

Tadala, Blantyre:
Pepani akuluakulu kulowerera, ine ndine wamng'ono pano. Koma bwanji sitikunena kuti ifeyo tinawotcha katemera? Ndinaona zithunzi, nduna ya zaumoyo ili pompo. Tikudandaula kuti anatimana, pomwe wochepa amene anatipatsayo tinalephera kumaliza. Kwathu ku Ndirande anthu ankathawa akamva kuti a zaumoyo abwera. Mwina vuto lalikulu linali ifeyo.

Phiri, Lilongwe:
Tadala, wachita bwino kufunsa, chifukwa zithunzi zija zinazungulira dziko lonse lapansi popanda masiku ake. Tamvera masiku. Pa 5 March 2021 pabwalo la ndege la Kamuzu panatera madozi 360,000 a AstraZeneca ochokera ku COVAX. Kenako India inatipatsa 50,000. Ndiye pa 26 March panafika ena 102,000 kudzera ku African Union, ndipo pamabotolo awo panalembedwa kuti atha mphamvu pa 13 April. Werenga wekha, masiku 18. M'masiku 18 amenewo katemera achoke ku Lilongwe, afike ku Chitipa, ku Nsanje, ku Likoma, ali wozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8 njira yonse, nyengo ya mvula, misewu ina itaduka. Botolo limodzi la madozi 10, ukalitsegula uyenera kupeza anthu 10 m'maola ochepa, apo ayi otsalawo atayika. Ngakhale zinali choncho, pafupifupi madozi 80 mwa 100 alionse a gulu limeneli anabayidwa. Amene anawotchedwa pa 19 May anali 19,610, ndipo nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, a Khumbize Kandodo Chiponda, anawotcha poyera dala, kuti anthu asamaganize kuti akubayidwa katemera wotha mphamvu. Patangotha mwezi umodzi chiwotchereni, dziko linalibe ndi dozi imodzi yomwe, anthu akufola pachabe. Dziko lokana katemera silimaliza katemera.

Sitinali tokha. South Sudan inakumana ndi zomwezo ndi katemera wa tsiku lomwelo la 13 April. Nigeria mu December 2021 inawononga madozi oposa 1 miliyoni amene anaperekedwa atatsala pang'ono kutha mphamvu.

Nabanda, Zomba:
Komabe mwanawe Tadala sukunama, mphekesera zinatipweteka. Ndinazimva ndi makutu anga: ati ndi 666, ati ukabayitsa subereka, ati ufa pakatha zaka ziwiri. Alangizi a zaumoyo ena anathamangitsidwa m'midzi momwe akhala akuyeza ana sikelo zaka ndi zaka. Izi tisabise. Koma ukumbukirenso tsiku ili: a Chakwera anabayitsa ku Zomba kuno pa 11 March, kutsegulira ntchito yonse. Tsiku lomwelo Denmark ndi Norway anaimitsa katemera wa AstraZeneca poopa nkhani ya kuundana kwa magazi, ndipo patangopita masiku ochepa Germany ndi France anatsatira. Iwo anali ndi katemera wa mitundu ina wosinthira. Ife tinali ndi mtundu umodzi womwewo basi. Ndiye taganiza, mayi wa kumudzi wamva pawailesi kuti azungu akana, mawa lake iwe wafika ndi bokosi lomwelo. Umuuza chiyani? Anafufuza n'kupeza kuti vutolo ndi losowa kwambiri ndipo ambiri anayambiranso kubaya, koma uthenga wachiwiriwu sunayende mtunda umene woyamba uja unayenda.

Tadala, Blantyre:
Za masiku 18 sindinkadziwa. Nanga n'chifukwa chiyani mu June munathera? COVAX sinali ikutumizabe?

Phiri, Lilongwe:
Chifukwa COVAX inadalira kwambiri fakitale imodzi, Serum Institute of India ya ku Pune, imene imapanga katemera wambiri kuposa ina iliyonse padziko. Madozi 600,000 oyamba a COVAX amene anafika ku Ghana pa 24 February 2021 anachokera kumeneko, athu a pa 5 March chimodzimodzi. Ndiye kumapeto kwa March mliri unabuka mwamphamvu ku India, uja wa mtundu wa kachilombo wotchedwa Delta, anthu akufa kunja kwa zipatala posowa mpweya. Boma la India linaimitsa kutumiza katemera kunja. Fakitaleyo inadzayambiranso kutumiza ku COVAX mu November. Miyezi yonseyo maiko ambiri a mu Africa anangoti kakasi, anthu atabayidwa kamodzi akudikira kachiwiri. Ife tinapumako pa 24 July pamene panafika madozi 192,000 operekedwa ndi France. Amayi Nabanda, mwina wanu wa mu August uja anachokera m'gulu limeneli.

Aphunzitsi Chisale, Dedza:
Mwaonatu. India si dziko la azungu, koma nayo moto utafika padenga lake inatseka chipata. Ndi zimene ndimanena. Si nkhani ya khungu, aliyense wokhala ndi fakitale anachita chimodzimodzi. Ndipo ndikanakhala Mmwenye wa ku Delhi mu April uja, ndikanaombera m'manja.

Mbewe, Johannesburg:
Aphunzitsi, pa India ndikugwirizana nanu. Koma pali nkhani ya kuno imene imandisowetsa tulo, chifukwa ikuonetsa kuti ngakhale fakitale ikhale pakhomo pako, ngati chinthucho si chako, si chako. Ku Gqeberha kuli kampani ya Aspen imene inkathira m'mabotolo katemera wa Johnson & Johnson. Mu August 2021 zinaululika kuti mamiliyoni a madozi othiridwa kumeneko ankakwezedwa kupita ku Ulaya, pa nthawi imene kuno Delta inali itatipanikiza ndipo mu Africa obayidwa anali ochepetsetsa. Anthu atakuwa m'pamene anasintha. Nanga mtengo? South Africa inagula AstraZeneca pa madola 5.25 dozi imodzi, pamene maiko a European Union ankalipira madola 2 ndi kakusintha. Wosauka kugula modula kuposa wolemera.

Ndiyenso pa zoti ife tinaikapo chiyani. African Union inali ndi gulu logula katemera lotsogozedwa ndi a Strive Masiyiwa, ndipo banki ya Afreximbank inaikapo chikole cha madola 2 biliyoni. Mu March 2021 anasainirana ndi Johnson & Johnson madozi 220 miliyoni, ndi mwayi wowonjezera mpaka 400 miliyoni. A Masiyiwa ananena kambirimbiri kuti sakupempha zaulere, akufuna kugula, koma ogulitsa anali atalonjeza kale katundu kwina. Madoziwo anayamba kufika mu August. Komanso anthu a kuno analowa nawo m'kafukufuku woyesa katemera wa Oxford, wa Johnson & Johnson ndi wa Pfizer. Anapereka mikono yawo. Kumeneko si kuikapo kanthu?

Nangozo, Harare:
Moni abale, ine makolo anga anachokera ku Mangochi koma ndinabadwira kuno. Ife sitinadikire COVAX. Pa 15 February 2021 kunafika madozi 200,000 a Sinopharm, mphatso yochokera ku China, ndipo boma linagulanso ena ambiri a ku China komweko. Tinayamba kubayitsa Malawi asanayambe. Ena ankati China ikugula ubale, mwina n'zoona, Russia ndi India nawonso ankachita zomwezo. Koma munthu amene akumira safunsa mwini bwato kuti akufuna chiyani. Azakhali anga anabayitsa ndipo alipo mpaka lero.

Banda, Chipata:
Kuno ku Zambia oyamba anafika pa 12 April, madozi 228,000, dziko la anthu oposa 18 miliyoni. June ndi July 2021 ndi miyezi imene sindifuna kuikumbukira. Tinkaika maliro motsatizana.

Aphunzitsi Chisale, Dedza:
Pepani a Banda. A Mbewe, za Aspen ndi za mtengo ndilibe poyankha, n'zoipa basi. Koma ndili ndi funso lina, lochokera pansi pa mtima, lokhudza kagawidwe ka COVAX komweko. A Phiri mwati dziko lililonse linkayenera kulandira mofanana potengera chiwerengero. Kodi chimenecho n'chilungamo? Matendawa ankapha kwambiri okalamba. Ku Italy ndi ku Japan okalamba ndi ochuluka zedi. Kwathu kuno pafupifupi theka la anthu sanakwanitse zaka 18. Ndikamagawa mabuku kusukulu sindipereka mofanana ku kalasi ya ana 30 ndi ya ana 90, komanso ndimayamba ndi amene akulemba mayeso. Kodi sikunali koyenera kuyamba ndi kumene anthu akufa kwambiri, kaya ndi ku Brazil, ku Peru, ku India?

Phiri, Lilongwe:
Funso limeneli akatswiri anakanganapo kwambiri mu 2020, aphunzitsi, simuli nokha. Panali ena amene ankati tisawerenge mitu ya anthu, tiwerenge imfa zimene dozi iliyonse ingapewetse, ndipo katemera apite kumene moto ukuyaka. M'mutu mwanga ndimawamvetsa. Koma ganizoli lili ndi msampha kwa ife. Kuti uoneke kuti anthu ako akufa, uyenera kukhala ndi zoyezera ndi kaundula wa imfa. Kwathu munthu akamwalira kumudzi amaikidwa mawa lake, osayezedwa, osalembedwa paliponse. Pamapepala timaoneka ngati mliri watilambalala. Komanso wodwala wa ku Italy ali ndi mwayi wa bedi la odwala kwambiri ndi mpweya, wa ku Nsanje alibe. A WHO anasankha kuyamba ndi chiwerengero chifukwa ndi muyeso umene palibe dziko lingautsutse, ndipo anati akadutsa 20 mwa 100 aja m'pamene aziyang'ana kumene kuli chiopsezo chachikulu.

Koma taonani, mfundo yanu yomweyo ikutithandiza. Poti okalamba athu ndi ochepa, anamwino ndi madokotala athu ndi ochepa, sipankafunika katemera wambiri kuti onsewa atetezedwe. Palibe amene ankati mnyamata wa ku Ndirande abayidwe gogo wa ku Milan asanabayidwe. Pempho linali lakuti gogo wa ku Ntcheu ndi namwino wa ku Zomba abayidwe mnyamata wa ku Leeds asanabayidwe. Kaya mutenga muyeso wa chiwerengero, kaya wa imfa, zimene zinachitikazo sizikugwirizana ndi uliwonse. Pa 18 January 2021 a Tedros, mkulu wa WHO, ananena kuti madozi oposa 39 miliyoni anali atabayidwa m'maiko 49 opeza bwino, pamene m'dziko lina losaukitsitsa anali 25. Osati 25 miliyoni, osati 25,000. Madozi 25. Pa 4 August anapempha kuti maiko olemera ayambe aimitsa jakisoni wachitatu kufikira ena atalandirako woyamba. Israel inali itayamba kale, ndipo ena anatsatira osamvera.

Aphunzitsi Chisale, Dedza:
Pamenepo mwandigwira. Ndikuvomera kuti pakati pa kudziteteza ndi kuunjika pali malire, ndipo anawadumpha. Chimene sindisintha ndi ichi: mawa adzachitanso, ndipo kuwadandaulira sikudzawaletsa.

Mbewe, Johannesburg:
Chimene chinandiwawa kuposa zonse ndi Omicron. Mu November 2021 akatswiri a kuno ndi a ku Botswana anazindikira mtundu watsopano wa kachilombo, n'kuuza dziko lonse mwachangu monga kuyenera. Malipiro ake? M'masiku ochepa ndege zinatsekedwa. Britain ndi America anaika maiko a kumwera kwa Africa pamndandanda woletsedwa, Malawi ali momwemo. Ine ndinali nditasunga ndalama chaka chonse, abale a ku Ulaya amene tinapangana kukakumana kumudzi pa Khirisimasi analephera. A Chakwera, ali wapampando wa SADC, anati zimenezi ndi kusala Africa, osati sayansi. Tikapereka uthenga wa kachilombo amalandira ndi manja awiri n'kukonzera katemera wawo. Tikapempha katemerayo, mzere.

Tadala, Blantyre:
Nanga bwanji sanangolola kuti maiko ena apange okha? Ndinamva kuti ma ARV anatsika mtengo chifukwa cha zimenezo.

Nabanda, Zomba:
Eya mwanawe, imeneyo ndinaiona ndi maso. Ku Ulaya ndi ku America mankhwala otalikitsa moyo anayamba kupulumutsa anthu mu 1996. Ife tinkangosamalira odwala mpaka kuwatseka maso. Mu 2001 kampani ya ku India ya Cipla inati ikhoza kupereka mankhwala a chaka chonse pa madola 350, pamene eni ake ankagulitsa madola oposa 10,000. Kwathu aulere anayamba mu 2004. Zaka zisanu ndi zitatu zimenezo zinadya anzanga amene ndinaphunzira nawo unamwino, aphunzitsi, asilikali, makolo a ana amene tinalera ngati amasiye. N'chifukwa chake June uja nditabwezedwa ndinati, zayambanso.

Phiri, Lilongwe:
Anayesa, Tadala. Mu October 2020 India ndi South Africa anapempha ku WTO, bungwe loona za malonda padziko lonse, kuti malamulo a umwini wa luso aimitsidwe kaye pa katemera, mankhwala ndi zoyezera za Covid-19. Maiko oposa 100 anagwirizana nazo. European Union, Britain ndi Switzerland anakana, America inadzavomera pa katemera yekha mu May 2021. Chigamulo chinatuluka mu June 2022, patatha miyezi 20, chochepetsedwa kwambiri, katemera atasefukira kale pamsika. Ndinenenso chilungamo: katemera si ngati piritsi. Ngakhale akupatse chilolezo, pamafunika anthu odziwa, makina, zipangizo ndi mwini luso woti akuonetse kapangidwe. N'chifukwa chake a WHO anakhazikitsa malo ophunzitsira luso latsopano lopangira katemera la mRNA ku Cape Town, ku kampani ya Afrigen.

Nabanda, Zomba:
Ndipo atasefukira anafikadi kwathu, wa mitundumitundu, Johnson & Johnson, Pfizer wofuna furiji yozizira koopsa uja. Mu 2022 mafuriji anali odzaza, koma anthu anali atatopa, mantha atatha, ambiri atadwala kale n'kuchira, ena ataikidwa. A zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kuchonderera. Ndiye akunja n'kumati mwaona, Aafirika safuna katemera. Alimi muli pano mundimvetsa: feteleza wobereketsa akafika chimanga chitamasula kale, ngakhale akupatse matumba 10, sakubwezera zokolola. Pamapepala alemba kuti unalandira. COVAX inakwanitsa dozi ya nambala 1 biliyoni mu January 2022, inafikira ku Rwanda, ndipo potseka kumapeto kwa 2023 inali itagawa pafupifupi 2 biliyoni kumaiko 146. Sindikuinyoza, popanda iyo bwenzi ine ndilibe ndi khadi lomwe. Koma powerenga tisamangofunsa kuti angati, tizifunsa kuti liti.

Banda, Chipata:
Ndiye tipange tokha basi. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka.

Mbewe, Johannesburg:
A Banda, mawuwo ndi okoma koma tamvani zimene zinachitika. Aspen yomwe ija inadzapeza chilolezo chogulitsa katemera wa Johnson & Johnson m'dzina lakelake mu Africa. Tonse tinasangalala. Mu 2022 inalengeza kuti palibe oda ndi imodzi yomwe imene yalandira. Maboma athu omwe anali atakhuta zopatsidwa. Fakitale siingakhale chilili kudikira mliri, iyenera kumagulitsa chaka ndi chaka katemera wa chikuku, wa chibayo, wa kolera. Ndipo poyamba wake adzakhala wodulirapo kuposa wa ku India. Funso ndi lakuti kodi maboma athu, a Gavi ndi a UNICEF adzalolera kugula wodulirapoyo kuti fakitale isafe?

Phiri, Lilongwe:
Ndi pomwepo. Mliri usanabwere Africa inkaitanitsa kunja pafupifupi katemera 99 mwa 100 aliyense amene imagwiritsa ntchito. African Union inadziikira kuti pofika 2040 izipanga yokha 60 mwa 100. Ku Dakar kuli Institut Pasteur imene yakhala ikupanga katemera wa yellow fever kwa zaka zambiri, ku Kigali kampani yopanga katemera ya BioNTech inatsegula malo ake mu December 2023, ndipo mu June 2024 a Gavi anakhazikitsa thumba la madola oposa 1 biliyoni lolimbikitsa opanga katemera mu Africa. Zayambika, koma zikadali nthete.

Pakadali pano mzere uja ukuonekabe. Kolera wathu wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700. Mu October 2022 oyang'anira nkhokwe ya katemera wa kolera padziko lonse anachepetsa mlingo kuchoka pa madozi awiri kufika pa imodzi chifukwa katemera anali wosakwana. Kolera sagwira maiko olemera, ndiye opanga ake ndi ochepa. Mpox nayo: mu 2022 itafika ku Ulaya ndi ku America katemera anapezeka msanga kumeneko, pamene ku DR Congo, komwe matendawa akhala akuvutitsa zaka zambiri, madozi oyamba anafika mu September 2024.

Jere, Leeds:
A Phiri, nanga mgwirizano wa maiko wokonzekera miliri uja tinamva kuti wavomerezedwa ku Geneva, suthetsa zimenezi?

Phiri, Lilongwe:
Unavomerezedwa pa 20 May 2025 pamsonkhano waukulu wa WHO. Mfundo yake yaikulu pankhani yathuyi ikuyankha dandaulo la a Mbewe: maiko azipereka msanga uthenga ndi zitsanzo za tizilombo, ndipo makampani olowa m'dongosololi azipatula magawo 20 mwa 100 a katemera, mankhwala ndi zoyezera kupita ku WHO, osachepera 10 aulere, otsalawo pamtengo wofikirika. Mawu ofunika kwambiri ndi akuti azipatula pa nthawi imene akupanga, osati zotsala. Koma pa tsiku lovomerezalo gawo lofotokoza momwe izi zidzayendere linali lisanamalizidwe, ndipo mgwirizano sungayambe kugwira ntchito mpaka maiko 60 atauvomereza kwawo. America sinali nawo, inali italengeza kale mu January 2025 kuti ikutuluka mu WHO, pomwe makampani akuluakulu angapo ali kumeneko.

Aphunzitsi Chisale, Dedza:
Ndiye kuti 80 otsalawo adzagulidwabe ndi wofika msanga ndi ndalama.

Phiri, Lilongwe:
Inde aphunzitsi. Koma 20 ofika mu January ndi osiyana kutali ndi 20 ofika mu November. Akanakhalapo mu 2021, mayi a Jere akanabayidwa nyengo imodzi ndi mwana wawo.

Jere, Leeds:
Anadzabayitsa mu September, wa Johnson & Johnson, wa kamodzi uja. Mlongo wanga anawakweza pakabaza mpaka kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Miyezi isanu ndi itatu pambuyo pa ine.

Nabanda, Zomba:
Tithokoze kuti anafikako ali moyo, achimwene. A Phiri, chonde munditumizire kumbali masiku aja mwatchula, la 26 March, la 13 April ndi la 19 May, pamodzi ndi za magawo 20 zija. Lachinayi tili ndi msonkhano wa komiti ya zaumoyo ya kudera kwathu ndipo aphungu athu akuti abwera. Ndikufuna ndikawafunse ngati mgwirizanowu unafikapo m'nyumba ya malamulo, komanso ngati m'bajeti muli ndalama yathuyathu yogulira katemera. Tadala, ukapezeka ku Zomba tsikulo ubwere, ukafunse lako lija la kuwotcha, anthu akamve yankho lake ndi masiku omwe.